Amayi, amalume, tsopano achimwene: kodi khansa ya m'matumbo imatsata mtundu?

Gulu la Ana a Mulanje ndi Thyolo

Mai a Tadala (Chisitu), Lachiwiri madzulo
Abale anga, ndakhala masiku atatu ndikulemba n'kumafufuta. Lero ndangolimba mtima. Achimwene anga amene ndinapondana nawo, a zaka 38, awapeza ndi khansa ya m'matumbo ku Gulupu. Munthu ameneyu ankakweza matumba awiri a nandolo panjinga mpaka pa Chitakale osatsika, koma chaka chatha anayamba kumangopuma wefuwefu, m'manja mutayera mbee. Kuchipatala chaching'ono chakwathu anapitako kanayi. Ulendo uliwonse amangoti magazi achepa, n'kuwapatsa mapilitsi owonjezera magazi ndi a njoka za m'mimba. Mpaka tsiku lina anagwa kumunda, m'pamene anawatumiza kuboma, akuboma n'kuwatumiza ku Blantyre. Opaleshoni yachitika, adula chidutswa cha thumbo cha mbali ya kumanja, pano ayamba kumwa phala.

Chandisowetsa tulo ndi funso la adokotala. Anandifunsa kuti kwathu alipo wina amene anadwalapo khansa? Ndinati amayi anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 47, ankataya magazi, kuchipatala anati chotupa m'chiberekero. Amalume, mwinimbumba wathu, anamwalira ali ndi zaka 44, mimba itatupa, masiku angapo osachita chimbudzi, akungosanza. Adokotala aja anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana, amvekere abale onse a bere limodzi tiyenera kuonedwa, ngakhale amene sitikumva kuwawa paliponse.

Tatsala anayi. Ine ndili ndi zaka 35 ndi ana atatu. Kumudzi nkhani yavuta kale, akuloza chala amayi aang'ono kuti ndi amene akutha mbumba chifukwa cha dimba la kumtsinje. Pali amene akudziwa za matenda amenewa andithandize? Khansa imatsatadi mtundu?

Bambo a Yamikani (Thekerani)
Pepani kwambiri achemwali. Koma ine ndimadziwa kuti khansa ya m'matumbo ndi ya azungu ndi anthu a ndalama odya masoseji. Ife a nsima ya mgaiwa ndi kalongonda ingatipeze bwanji? Mwina ndi kamwazi kapena likodzo, achipatala nthawi zina amasokoneza.

Mai a Tadala (Chisitu)
Ayi bambo, anadula kachidutswa n'kukayeza kulabu. Pepala lake ndili nalo.

Nesi wa ku Luchenza
Mai a Tadala, pepani, ndipo mwachita bwino kulemba. Ndili pa nayiti, ndiyankha pang'onopang'ono.

Inde, ilipo khansa ya m'matumbo imene imatsata mtundu. Si yonse ayi. Anthu ambiri amene amadwala khansa imeneyi amakhala achikulire, ndipo kwawo kulibe wina anadwalapo. Koma mwa odwala 100 aliwonse, pafupifupi atatu amakhala ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa Lynch syndrome, potengera dzina la dokotala wa ku America, Henry Lynch, amene analemba za mabanja otere mu 1966.

Ndifotokoze ndi zimene tonse timaziona kuesiteti. Wothyola tiyi akadzaza dengu, pamakhala kapitawo woyang'ana ngati mwalowa masamba okhwima kapena timitengo. Thupi lathu nalo tsiku lililonse likupanga timaselo tatsopano, makamaka m'matumbo, ndipo selo lililonse limakopera malangizo a thupi kuchokera ku linzake. Pokopera pamachitika zolakwika, ndiye pali akapitawo ogwira zolakwikazo n'kuzikonza. Aliyense amalandira akapitawo awiri pantchito imodzi, wina kwa amayi wina kwa atate. Munthu wa Lynch amabadwa mmodzi ali wosagwira ntchito. Amakula bwinobwino chifukwa winayo akugwira. Tsiku limene wotsalayo afooke m'selo limodzi la m'thumbo, zolakwika zimangounjikana osakonzedwa, khansa n'kuyamba. Akapitawo amenewa madokotala amawatcha MLH1, MSH2, MSH6 ndi PMS2. Mukaona zilembo zimenezi papepala la achimwene musadabwe.

Ndiye khansa yake imabwera msanga, kawirikawiri munthu ali m'zaka za m'ma 40 kapena asanafikeko, ndipo imakonda mbali ya kumanja ya thumbo lalikulu. Mbali imeneyo magazi amadontha pang'onopang'ono n'kusakanikirana ndi chimbudzi, munthu osawaona ndi maso. Chimene chimaoneka ndi kuchepa magazi basi. Mwamuna wa zaka 38 kumangochepa magazi popanda malungo, popanda bala, pamafunika kufunsa kuti magaziwo akutulukira kuti.

Agogo a Favour (Limbuli)
Anesi, ana anga amati matenda amenewa ndi a majini. Ndiye mukuti si ufiti bwanji, poti majini ndi mizimu yoipa?

Nesi wa ku Luchenza
Agogo, zikomo pofunsa, ambiri amasokonezeka pomwepo. Mawu amenewo a ana anuwo ndi achizungu, amatanthauza timalangizo ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo, tomwe timachititsa kuti mdzukulu afanane mphuno ndi agogo ake. Sakugwirizana ndi majini a mizimu ngakhale pang'ono. Ine kuwodi ndinasiya kuwatchula, ndimangoti chibadwa kapena zakumtundu. Ndinasiyanso kunena kuti "zili m'magazi", chifukwa anthu amaganiza za kachilombo, ena mpaka kupatula mbale. Sizipatsirana. Mlamu wanu, Mai a Tadala, sangatengere kwa amuna awo. Njira yake ndi imodzi yokha, kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana pobadwa.

Aphunzitsi opuma (Bvumbwe)
Ndiloleni ndiikepo kambiri kochepa, poti zimene zikuchitika kwa Mai a Tadala si zachilendo padziko. M'zaka za m'ma 1890, ku Michigan m'dziko la America, dokotala wina dzina lake Aldred Warthin anaona kuti mayi amene ankamusokera zovala ndi wosakondwa. Atamufunsa, mayiyo anati akudziwa kuti adzafa ndi khansa ali wamng'ono, chifukwa kwawo onse amathera m'mimba, m'matumbo kapena m'chiberekero. Dokotalayo sanamuseke. Anayamba kulemba mtundu wonse wa mayiyo, yani anabala yani, anafa ndi chiyani, ali ndi zaka zingati, ndipo mu 1913 anasindikiza zimene anapeza. Mayi uja anamwaliradi ndi khansa ya m'chiberekero. Koma zidzukulu za banjalo zinapitiriza kutsatidwa zaka zoposa 100, ndipo m'banja lomwelo anadzapezamo vuto la MSH2 limene anesi atchula. Chimene ndikuona ine n'chakuti woyamba kuzindikira sanali dokotala, anali mayi wosoka amene ankawerenga maliro a kwawo. Mai a Tadala mwayamba kale ntchito imeneyo.

Nesi wa ku Luchenza
Zoona aphunzitsi. Ndipo madokotala ali ndi kawerengedwe kosavuta kamene anagwirizana ku Amsterdam, timangoti 3, 2, 1. Achibale 3 odwala khansa za gulu limeneli, mmodzi akhale kholo, mwana kapena m'bale wa bere limodzi wa awiri enawo. Mibadwo 2 yotsatizana. Ndipo 1 mwa iwo akhale kuti anadwala asanakwane zaka 50.

Tiyeni tiike banja lanu. Achimwene, 38. Amalume, 44, ndipo mmene mwafotokozeramo zikumveka ngati thumbo linatsekeka, ngakhale sitinganene motsimikiza popanda pepala. Amayi, 47, ali pakati pa awiriwa, mlongo wawo ndi amalume, mwana wawo ndi achimwene. Pa amayi m'pamene pagona nkhani. Chiberekero chili ndi malo awiri amene khansa imayambira. Pali khansa ya khomo la chiberekero, imene imabwera ndi kachilombo ka HPV, ndipo dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Imeneyo siwerengedwa pa Lynch. Ndiye pali ya m'kati mwenimweni mwa chiberekero, kumene mwana amakhala. Imeneyo ndiye mnzake wa ya m'matumbo. Kwa amayi a m'mabanja a Lynch nthawi zambiri imeneyi ndi imene imayamba kuonekera. Kabuku ka kuchipatala ka amayi katapezeka kangatiuze zambiri.

Mai a Tadala (Chisitu)
Kabuku ka 2009 anesi? Nyumba ya amayi inagwa ndi Freddy chaka cha 2023, katundu wambiri anapita ndi madzi. Ndifunsa komabe.

Ndiye mukutanthauza kuti tonse anayi tili nayo? Ana anga atatu?

Nesi wa ku Luchenza
Ayi. Ngati kholo lili ndi vutoli, mwana aliyense ali ngati ndalama yachitsulo yoponyedwa m'mwamba, ikhoza kugwera uku kapena uku, theka ndi theka. Aliyense amaponyeredwa payekha, ndiye m'nyumba ya ana asanu akhoza kutengera mmodzi, akhoza kutengera anayi. Ngati inu simunatengere, ana anu sangalitenge kudzera mwa inu, mzere wathera pomwepo. Komanso kutengera si kudwala. Alipo amene amafika ukalamba osadwala. Kungoti mpata wodwala ndi waukulu kwambiri kuposa wa anthu ena, n'chifukwa chake sitidikira zizindikiro.

Anaphiri (Makwasa)
Ndakhala ndikungowerenga, misozi ili m'maso. Ndikufuna ndinenepo chimodzi chimene ife a Thyolo ndi Mulanje timaphonya chifukwa cha chikamwini.

Atate anga anali mkamwini. Ukwati unatha ndili Sitandade 2, iwo n'kubwerera kwawo, ife n'kutsala ndi amayi monga mwa mwambo. Mlongo wanga atadwala ali ndi zaka 41, achipatala anatifunsa funso lomwelo, kwanu alipo? Ine ndinayankha ndi mtima wonse kuti palibe. Ndinawerenga amayi, amalume, agogo, amayi aakulu, onse amoyo kapena anafa ndi ukalamba. Za atate sizinandibwerere n'komwe m'mutu, poti timakula tikumva kuti tambala alibe anapiye, kwanu ndi kwa amako.

Pamaliro a mlongo wangayo kunabwera mayi wina wachikulire amene sindinkamudziwa, anakhala kumapeto kwa mkeka. Usiku kusiwa anandikodola n'kunena kuti ndine azakhali ako, atate ako anapita chimodzimodzi, chimbudzi cha magazi, ali ndi zaka 45, mng'ono wawonso chimodzimodzi. Ndinazizidwa thupi lonse. Zaka zonsezo yankho linali pamudzi wina, ulendo wa minibasi imodzi.

Thupi silidziwa chikamwini abale anga. Mwana amatenga theka kwa atate ake ngakhale atatewo anathamangitsidwa pamudzi. Ndipo inu Mai a Tadala, ana a malemu amalume anu ali kwa amayi awo, si a mbumba yanu, koma nawonso akhoza kutengera. Ana a achimwene anunso ali kuchikamwini. Musawaiwale powerenga.

Mai a Tadala (Chisitu)
Mayo ine. Amalume anasiya ana asanu ku Muloza, asuweni athu. Chimwalirireni amalume sitiyenderana. Wamkulu ayenera kuti wadutsa 40 tsopano.

Nesi wa ku Luchenza
Anaphiri anena chinthu chimene ine ndimalephera kuchifotokoza bwino kuwodi. Ndikafunsa "kwanu", anthu amandiyankha za mbumba. Pano ndimafunsa kawiri, kuchikazi ndi kuchimuna.

Mkulu wa mpingo (Nkando)
Mai a Tadala, ine ndibwerere pa amayi anu aang'ono. Ndakhalapo pa milandu yotere kwa amfumu, ndipo ndaona nkhalamba zikugona kutchire chifukwa cha kulozedwa chala. Anthu sakulakwitsa poona kuti imfa zikutsatana m'nyumba imodzi, akuonadi zoona. Alakwitsa popeza chifukwa. Musapite kukakangana nawo kuti ufiti kulibe, simudzamvana. Itanani mwinimbumba amene alipo pano, mumuonetse pepala lakuchipatala, mumuuze kuti adokotala akufuna abale onse. Ngati kungatheke mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akhalepo. Ndipo mukumbukire kuti amayi aang'onowo ndi bere limodzi ndi malemu amayi anu ndi amalume. Ngati anesi akunena zoona, iwowo ali pamzere womwewo wa ngozi. Munthu amene akumunena kuti akupha mbumba akhoza kukhala woyamba kufunika chipatala.

Bambo a Yamikani (Thekerani)
Chabwino ndamva, ndinalakwitsa. Koma ndifunse mosabisa. Kudziwa kumathandiza chiyani? Munthu ungodziwa kuti udzafa ndi khansa, n'kumakhala ndi mantha zaka 20. Si bwino osadziwa?

Achimwene a ku Cape Town
Bambo a Yamikani, ndiyankhe ine poti ndadutsamo. Kwathu ndi ku Mimosa, kuno ndili ndi zaka 11. Atate anadwala khansa ya m'matumbo ali ndi zaka 49. Nditawauza achipatala kuno anandiuza kuti amene kholo lake kapena m'bale wake anadwala aziyamba kuunikidwa ali ndi zaka 40, kapena kutatsala zaka 10 kuti afike msinkhu umene wachibaleyo anadwalira, chimene chayambirira. Ine ndiye ndinayenera kuyamba ndili ndi 39.

Kuunikako amati colonoscopy. Ndikuuzeni mmene zimakhalira, chifukwa amuna ambiri timathawa ndi manyazi. Masiku angapo usanapite amakuletsa zakudya za gaga, nyemba, masamba, mtedza. Tsiku loti mawa ukaunikidwa sudya cholimba, umangomwa zamadzimadzi zoyera, kenako amakupatsa mankhwala otsuka m'mimba, malita angapo. Usiku umenewo sugona, umangoyenda kuchimbudzi mpaka zotuluka zikhale madzi oyera. Amene mukachitire ku Blantyre mukagone kwa wachibale amene chimbudzi chili pafupi, mutenge tochi ndi ndowa ya madzi. Kumeneko ndiye kovuta. Kuunika kwenikweniko amakubaya jekeseni yoti uwodzere, umagona cham'mbali atakufunditsa, n'kulowetsa kachubu kofewa kokhala ndi kamera kunjira ya chimbudzi. Ine ndinangodzidzimuka nesi akundiuza kuti zatha. Pamafunika wokuperekeza chifukwa umatuluka uli ndi chizungulire.

Anandipeza ndi tizotupa tiwiri tonga njerewere, n'kutidula nthawi yomweyo ndi kawaya kodutsa m'kachubu momwemo. Anandionetsa chithunzi, kamodzi kanali ngati njere ya nandolo. Khansa ya m'matumbo imayambira pa tinthu timeneto. Ukakadula kasanasanduke, khansayo siibweranso pamenepo. Ndiye kudziwa sikungokhala ndi mantha bambo, pali chochita.

Kunonso kuli mabanja akuluakulu a Lynch ku Northern Cape, anthu akumidzi osauka ngati ife, kutali ndi chipatala chachikulu. Madokotala a kuchipatala cha Groote Schuur ndi a University of Cape Town amanyamula makina chaka ndi chaka kupita kukawaunikira komweko. Ndimati ndikaganiza za kwathu ndimalakalaka galimoto yotero itaima pa Mulanje boma.

Nesi wa ku Luchenza
Zikomo achimwene, mwafotokoza bwino kuposa ine. Ndingowonjezera kuti lamulo la zaka 40 lija ndi la banja limene wadwala ndi mmodzi. Pa Lynch timayamba msanga, zaka 20 mpaka 25, ndipo timabwereza chaka chilichonse kapena pakatha zaka 2. Chifukwa chake n'chakuti kwa anthu ena kanjerewere kamatenga zaka pafupifupi 10 kuti kasanduke khansa, koma kwa a Lynch kamathamanga, zaka ziwiri kapena zitatu zokha. Ku Finland anatsatira mabanja otere zaka 15, ndipo mwa amene ankaunikidwa, odwala khansa ndi omwalira anachepa kuposa theka poyerekeza ndi amene sankaunikidwa.

Bambo a Yamikani (Thekerani)
Nanga ndalama? Kuchoka ku Thekerani kukafika ku Blantyre, awiri, kugona, kudya. Kuchulukitsa ndi abale asanu ndi anayi, chaka ndi chaka. Izi n'zimene zimatipha ife, osati umbuli wokha.

Anaphiri (Makwasa)
Zoona bambo, sindingakutsutseni. Ife tinachita chonchi. Tinakhala pansi monga timakhalira posonkha za maliro, n'kunena kuti tisonkhe munthu ali moyo. Tinayamba ndi amene anali ndi zizindikiro, kenako wamkulu, kumatsika. Ine ndinakongola kubanki mkhonde nandolo atatsala pang'ono kucha. Sitinathe onse chaka chimodzi. Ndipo musangonyamuka, yambirani kuchipatala cha boma kwanu, Thyolo kapena Mulanje, akulembereni kalata ndi kukupezerani tsiku, kuti musakabwerere pakhomo.

Chisomo (Chonde)
Ine ndawerenga pa intaneti kuti aspirin amateteza khansa imeneyi. Bwanji a Mai a Tadala angoyamba kumwa, poti m'magolosale alimo?

Nesi wa ku Luchenza
Chisomo, mwawerenga zoona koma theka. Panali kafukufuku wotchedwa CAPP2, wotsogoleredwa ndi John Burn wa ku Newcastle, pa anthu 861 otsimikizika kuti ali ndi Lynch. Amene anamwa aspirin tsiku lililonse kwa zaka zosachepera 2, khansa ya m'matumbo inachepa pafupifupi ndi theka patapita zaka. Koma aspirin amakanda chifu ndipo amachititsa magazi kuchedwa kuundana. Kwa munthu wa zilonda za m'mimba, wochepa magazi kale, woyembekezera, kapena wa BP yosatsika, akhoza kubweretsa ngozi. Mulingo wake aunene dokotala amene wakuonani. Ndipo salowa m'malo mwa kuunikidwa.

Bambo a Yamikani, za masoseji zija simunaname kwenikweni. Mu 2015 nthambi ya WHO yoona za khansa inaika nyama zokonzedwa ngati soseji ndi polony m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Fodya, mowa ndi kunenepa kwambiri zimawonjezeranso ngozi, ngakhale kwa a Lynch. Mgaiwa, nandolo ndi masamba ndi zabwino ndithu. Koma sizingadzutse kapitawo amene anabadwa wosagwira ntchito.

Mai a Tadala (Chisitu)
Anesi, ana anga ali ndi zaka 13, 9 ndi 4. Ndiwatengere ku Blantyre?

Nesi wa ku Luchenza
Ayi amayi, asiyeni azipita kusukulu. Pa Lynch ana aang'ono sitiwaunika, timadikira akule, afike zaka 18 amve nkhaniyi n'kusankha okha. Pali matenda ena akumtundu osowa kwambiri otchedwa FAP, amene tinjerewere timamera mazanamazana m'thumbo kuyambira pa unyamata, ndipo popanda kuchotsa thumbo pafupifupi onse amadwala khansa pofika zaka 50. Kumeneko ndiye ana amayamba kuunikidwa ali ndi zaka 10 mpaka 12. Koma akanakhala amenewo, madokotala akanaona thumbo la achimwene litadzaza, akanakuuzani.

Mukapita kukaona achimwene, funsani adokotala ngati chotupa chimene anachotsacho chingayezedwe za akapitawo anayi aja. Kuyeza kumeneko kumachitika pa chotupa chenichenicho, ndipo kachidutswa kake kamasungidwa kulabu, ndiye nambala ya papepalalo muisunge ngati chiphaso cha munda. Chikaonetsa kuti mmodzi akusowa, chotsatira ndi kuyeza magazi a achimwene kuti apeze vuto lenilenilo, ndipo likapezeka, aliyense wa inu akhoza kuyezedwa n'kudziwa ngati watengera kapena ayi. Kuyezako kukapanda kutheka, mbiri ya banja payokha ndi yokwanira kuti muziunikidwa. Achimwenenso akachira asaleke kupita, thumbo lotsalalo likufunikabe kuyang'anidwa.

Kwa inu ndi achemwali anu, VIA ija timayezetsa kuchipatala pofufuza khansa ya khomo la chiberekero pitirizani, koma dziwani kuti imangoona khomo, siona m'kati. Mukaona magazi pakati pa mwezi, msambo wochuluka mosazolowereka, kapena magazi aliwonse mutasiya kale kusamba, pitani msanga ndipo mukanene za banja lanu. Amayi ena otsimikizika kuti ali ndi Lynch akamaliza kubereka amasankha kuchotsa chiberekero ndi mazira, koma imeneyo ndi nkhani yokambirana ndi dokotala modekha.

Mtsikana wa ku Bvumbwe
Pepani ndilowererepo. Kwathunso zikufanana, ndipo chinkhoswe changa chili mu Disembala. Ndimuuze? Ndikuopa kuti akwawo akamva adzati kumeneko kuli matenda, usakwatireko.

Mkulu wa mpingo (Nkando)
Mwana wanga, muuze iyeyo, panokha awiri, usanauze ankhoswe. Si mlandu umene wapalamula. Akamva kwa iwe adzakhala wokuperekeza ku Blantyre. Akadzamva kwa anthu pamaliro, adzafunsa chifukwa chimene unabisira. Akwawo sakuyenera kudziwa zonse, ndi za m'nyumba mwanu.

Anaphiri (Makwasa)
Ine amuna anga ndinawauza titakwatirana kale, anakhala chete masiku awiri. Lachitatu anandifunsa kuti tsiku lopita ndi liti. Sindikulonjeza kuti onse amatero, koma uyambe wapita kuchipatala ukamve za iwe mwini, kuti pomuuza ukhale ndi chogwira.

Mai a Tadala (Chisitu)
Ndagula kope la masamba 40. Koma akuluakulu sadziwa zaka, amangoti anafa kalekale.

Aphunzitsi opuma (Bvumbwe)
Musawafunse zaka, afunseni zochitika. Anamwalira Napolo wa ku Phalombe atachitika kapena asanachitike? Ndiye 1991. Riferendamu, 1993. Njala ija tinkadya nthochi zosakhwima ndi mizu, 2002. Pa kubadwa, akale amakumbukira njala ya 1949 ndi ufulu wa 1964. Funsaninso kuti pomwalirapo mwana wawo woyamba anali atatha msinkhu kapena ayi, zaka mudzaziyerekeza. Munthu aliyense tsamba lake: dzina, ubale, kuchikazi kapena kuchimuna, anadwala chiyani, anagonekedwa kuti, anachitidwa opaleshoni kapena ayi. Mawu ngati matenda a mudzi, kamwazi wosamva mankhwala, kutsekeka m'mimba, kutaya magazi, kukodza magazi munthu wamkulu, muzilemba mmene awanenera, adokotala akasefa okha. Amoyo athanzi muwalembenso.

Mai a Tadala (Chisitu), Loweruka usiku
Abale, ndabwera kumudzi. Ndinatsata mawu a akulu a mpingo, ndinayambira kwa amayi aang'ono. Ndinawapeza okha pakhonde akusola nandolo, chiyambireni nkhani ija palibe amene amapondako. Atandiona anaima, akuganiza kuti ndabwera kudzawatukwana. Nditawauza za kabuku analowa m'nyumba osayankha, n'kutuluka ndi kasutikesi kachitsulo. M'kati munali nsalu ya chigwirizano ya amayi, Baibulo lawo, ndi kabukuko atakakulunga mujumbo ya shuga. Iwo ndi amene ankadwazika amayi, ndiye anatenga zonse Freddy asanabwere n'komwe. Anesi ndakutumizirani chithunzi kumbali.

Kenako anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti iwonso akuona magazi kuyambira nthawi yokolola, chonsecho anasiya kusamba zaka 6 zapitazo. Sanauze aliyense. Ankaopa kuti anthu adzati mankhwala awo awabwerera.

Nesi wa ku Luchenza
Ndaona. Tsamba lomaliza alemba Ca endometrium, ndiye kuti inali ya m'kati mwa chiberekero, osati ya khomo. Kabukuko ndi kope lanu mukazionetse kwa adokotala a achimwene, zonse pamodzi.

Koma amayi aang'ono asadikire zimenezo. Lolemba m'mawa apite kuchipatala, ndipo inu mukalowe nawo kuti mukanene za malemu amayi, amalume ndi achimwene. Magazi otere nthawi zambiri amakhala ndi chifukwa china chosaopsa, ndipo ngakhale itakhala imeneyo, ikapezeka msanga opaleshoni imachiza ambiri. Atenge nsalu ziwiri ndi kabuku kawo.

Chisomo (Chonde)
Ine Lachitatu ndikupita ku Muloza kukapikula katundu. Mai a Tadala nditumizireni kumbali dzina la mudzi wa asuweni anuwo, ndikawafufuze ndikupatseni nambala. Nkhaniyo mukawauza nokha.

Mai a Tadala (Chisitu)
Ndatumiza Chisomo. Anesi, Lolemba tinyamuka ndi minibasi yoyamba. Usiku uno ndagona konkuno kwa amayi aang'ono, akundiuza za agogo, ndili pa tsamba 11.